Nsidze za mng'ono wanga zinameranso

Mwini nkhaniyi wandiloleza kuinena bola ndisatchule dzina lake, ndiye ndizingoti mng'ono wanga. Mtsikana ameneyu, amene ankayenda pa Njuli atabisa maso m'magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo, lero ali ndi nsidze. Zakezake, zomera m'chikope, zakuda bii, zopindikira m'mwamba. Akaphethira, anthu a pamzere amaiwala nambala imene amati atumizeko ndalama. Inde ndakokomeza pang'ono, ndine mkulu wake, ndiloleni. Koma amene simunaonepo chikope chofiira chopanda nsidze simungamvetse chifukwa chake kwathu kunalira nthungululu.

Iye amagwira ntchito m'kakontena kotumizira ndalama pafoni, m'mphepete mwa msewu wa Blantyre–Zomba, chapafupi ndi pamene pamapatukira msewu wopita ku boma la Chiradzulu. Njuli ndi kwawo kwa miyala. Malole a kwale amadutsa tsiku lonse, maminibasi a ku Limbe ndi a ku Zomba amaima n'kunyamuka, ndipo ikafika Okutobala ukapukuta kauntala m'mawa, pofika masana ukhoza kulembapo dzina ndi chala. Fumbi limeneli ndi limene tinayamba kuliimba mlandu. Linali ndi mbali yake, koma mwini mlandu anali wina.

Zinayamba ndi bridal shower ya mnzake. Atsikana onse anapangana kukamatitsa nsidze pa saluni ina ku Limbe, zija amamata imodziimodzi pa nsidze zako zenizeni n'kukhala nazo milungu ingapo. Anabwerako atatchena zedi, sindikana. Makasitomala anayamikira, mnyamata amene ankamufunsira anayamikira, ndiye zitayamba kuyoyoka anakamatitsa zina, kenako zinanso. Ku saluniko anamuuza kuti asamanyowetse maso, guluu angamasuke, ndipo iye anamvera kuposa mmene amamvera amayi. Posukusula ankatsuka masaya ndi chipumi, maso n'kuwalambalala. Tangoganizani: fumbi la pa Njuli, thukuta, maskara, guluu, zonse kumaunjikana m'tsinde mwa nsidze mwezi ndi mwezi, madzi osafikako.

Kunayamba ndi kuyabwa. Kenako m'mphepete mwa zikope munafiira psuu n'kutupa. M'mawa ankadzuka maso atamatana ndi manthongo, mpaka kuchita kuwatsegula ndi zala. Tsiku lina ndinamukhazika padzuwa n'kumuyang'anitsitsa. M'tsinde mwa nsidze iliyonse munali timakoko toyera, pena touma mpaka kusanduka nkhanambo, ndipo ukatikanda pansi pake pamatuluka kamagazi. Ankati m'maso mukumveka ngati muli mchenga, misozi ili chuchuchu koma maso akumveka ouma. Kachithupsa kakatuluka pachikope chakumanja n'kuphulika, kena kankatuluka chakumanzere. Kuyabwa kutafika posauzana, usiku wina anazula nsidze zomatazo ndi zala, zake zenizeni n'kupita nazo limodzi. Kunacha chikope chakumanja chili ndi mpata waukulu pakati, chakumanzere kutangotsala tinsidze tiwiri titatu m'makona.

Mukuganiza anachita chiyani? Anakagula zomata zina, zija za mzere umodzi zogulitsa pamsika pamodzi ndi kachubu ka guluu, kuti abise mpatawo. Zikope zinatupa kuposa kale. Apa m'pamene magalasi akuda analowa m'banja mwathu. Ankawavala kuntchito, kutchalitchi, ngakhale pa nsima. Kwaya anasiya. Pa WhatsApp anachotsa chithunzi chake n'kuikapo maluwa. Chinkhoswe chinali chitachitika kale, tsiku la ukwati likuyandikira, iye n'kumangoti, "Achemwali, ine ndikwatiwa m'magalasi momwemu."

Madokotala a pakhomo sanachedwe. Amayi anati ndi pink eye ija inayambira ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ena. Koma pink eye imatha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri ndipo kawirikawiri imasesa nyumba yonse, pamene kwathu wodwala anali mmodzi yemweyo miyezi yonseyi. Azakhali anati ndi nsanje basi: mtsikana wapeza banja, wina wamuponyera. Mayi wina woyandikana nafe nyumba anabwera ndi mkaka wa m'mawere m'kachivundikiro ka botolo, wina anati madzi a shuga, wina ananong'ona za mkodzo wa m'mawa. Apa ndiime kaye, chifukwa si zoseketsa. Ngati mwini mkodzoyo ali ndi chinzonono, tizilombo take tikhoza kuboola diso m'masiku ochepa. Kafukufuku amene anachitika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mwa anthu odwala zilonda za pagalasi la diso, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atathira kale mankhwala achikuda asanafike kuchipatala. Mng'ono wanga anakana zonsezo, koma anakagula kabotolo ka mankhwala odontheza pakashopu kena popanda kalata ya dokotala. Kufiira kunkatha, akasiya n'kubwerera ndi ukali. Tinadzamva pambuyo pake kuti munali steroid, ndipo steroid ukamamudontheza mwachisawawa nthawi yaitali amatha kuyambitsa glaucoma ndi ng'ala.

Thandizo linachokera kumene tinkaopa kwambiri. Mayi ake a mnyamata uja, a kufupi ndi Nchalo ku Chikwawa, anabwera kudzakambirana za ukwati. Mng'ono wanga anagwada kuwathirira madzi osamba m'manja, magalasi ali kumaso. Iwo anasamba, anapukuta m'manja ndi chitenje, n'kunena mofatsa, "Mwana wanga, tavulani magalasiwo ndikuoneni." M'nyumba munangoti zii. Anavula. Mayiwo anamugwira chibwano, anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsinzina n'kuloza chikope chawo chakumanzere. "Taonani apa." Panali kachipsera kowonda kopingasa, ka opaleshoni.

Iwo anakula ndi trachoma. Matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Chlamydia trachomatis, amene amayenda pa zala, pa nsalu imodzi imene mayi amapukutira ana onse kumaso, ndi pa miyendo ya ntchentche zotera m'manthongo. Mwana akadwala kamodzi amachira. Koma akamadwala mobwerezabwereza, m'kati mwa chikope mumachita zipsera, zipserazo zimakoka chikope, chikope chimapindikira m'kati, ndipo akamadzakula nsidze zimayamba kukanda galasi la diso nthawi iliyonse akaphethira. Mayiwo anati anali ndi kachitsulo kopinda kamene ankamangirira pakona ya chitenje. M'mawa ankakhala pakhonde, mwana wawo wamkazi n'kumawazula nsidze imodziimodzi. Ankapuma masiku angapo, kenako zinkameranso zazifupi, zolimba, zobaya kuposa zoyambazo. Akazi ndiwo amachita khungu ndi matendawa kwambiri, mpaka kanayi kuposa amuna, chifukwa ndiwo amakhala ndi ana pamsana ndi pamiyendo. Ndiye m'midzi ya kuchigwa cha Shire gogo wopanda nsidze sanali wachilendo. Sizinkayoyoka zokha, ankazula kuti apezeko tulo.

Kumenekonso kuli nkhani yofunika nthungululu zake. Trachoma inadziwika m'dziko muno kuyambira m'ma 1980, ndipo mu 2015 Amalawi 7.6 miliyoni anali pachiopsezo choitenga. Kuyambira 2014 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi Queen Elizabeth Diamond Jubilee Trust, Sightsavers ndi mabungwe ena monga BICO ya ku Blantyre yotsogoleredwa ndi Pulofesa Khumbo Kalua, unalowa m'midzi mwamphamvu. Amene zikope zinapindika ankawachita opaleshoni yosatenga n'komwe ola. Mudzi wonse unkamwa azithromycin kamodzi pachaka. Ana ankaphunzitsidwa kusukusula, ndipo mafumu ankalimbikitsa zimbudzi, popeza ntchentche ya m'maso imaswana m'chimbudzi cha munthu chosiyidwa patchire. Mu Seputembala 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, dziko loyamba kummwera kwa Africa, pambuyo pa Ghana, Gambia ndi Togo kumadzulo. Sikuti odwala atheratu. Muyezo wake ndi woti ana a zaka 1 mpaka 9 opezeka ndi matendawa asafike 5 pa 100 alionse, ndipo agogo amene zipsera zinayamba kalekale adakalipo, akufunikabe opaleshoni.

Mayiwo atamaliza kufotokoza anamuyang'ananso mng'ono wanga. "Zanga zinkalowa m'kati, zanuzi zikuthawa. Si matenda amodzi ayi. Koma ine ndinachedwa, diso ili limaona utsi mpaka lero. Mawa mupite ku Gulupu." Azakhali anayesa kulowetsapo nkhani ya woponyera uja. Mlendoyo sanatsutse. Anangoti, "Akhoza kukhalapo, koma mukamusake mutabwerako kuchipatala." Ine ndinawakonda pomwepo.

Tinakwera minibasi ya ku Limbe kusanache, n'kulumikiza ina mpaka ku Lions Sight First Eye Hospital, chipatala cha maso cha pa Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu kuja. Mzere unali wautali, agogo a ng'ala atatsogozedwa ndi zidzukulu, ana ofiira maso, bambo wina atamata thonje. Itafika nthawi yake anamukhazika pa makina aja oika chibwano, kanyali kowala kakumuunika. Adokotala anatembenuza chikope cham'mwamba ndi kamtengo ka thonje n'kuyang'ana m'kati: mosalala, mopanda chipsera, trachoma palibe. Kenako anafunsa, "Guluu munasiya liti, achemwali?" Mng'ono wanga anandiyang'ana ngati ndine ndaulula, chonsecho ndinali ndisanatsegule pakamwa. Anati nyenyeswa zake zinali zikuonekabe m'tsinde mwa nsidze.

Dzina la vutolo anati ndi blepharitis, kutupa kwa m'mphepete mwa chikope, ndipo pamwamba pake khungu linali litadana ndi guluu. Mmene anafotokozera ndinamva bwino koposa mmene ndinkamvera sayansi kusukulu. M'mphepete mwa chikope chilichonse, kuseri kwa nsidze, muli timabowo pakati pa 20 ndi 40 totulutsa mafuta. Mafutawo amayandama pamwamba pa misozi kuti isaume msanga. Timabowoti tikatsekeka ndi litsiro, mafuta amagwirana ngati ophikira aja amaundana m'botolo m'mwezi wa Juni, ndiye misozi imauma msanga, diso limamva mchenga n'kumatulutsa misozi ina yamadzimadzi yosathandiza. Ndicho chifukwa chake munthu amalira koma maso ali ouma. Bowo limodzi likatsekeratu, pamatuluka kachotupa. Pamenepo mabakiteriya a staphylococcus, amene amakhala pakhungu la aliyense osavuta, amapeza chakudya m'timakoko tija n'kuchulukana, ndipo amatupitsa mizu ya nsidze mpaka nsidzezo kuyoyoka kapena kumera mokhota. Palinso tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Demodex timene timakhala m'mizu ya nsidze. Ambirife tili nato, timavuta tikachuluka. Za guluu anati wa ku saluni nthawi zambiri amakhala wa cyanoacrylate, mtundu umodzi ndi super glue, pamene wa m'timachubu nthawi zambiri amakhala ndi latex, ndipo khungu la anthu ena limadana ndi onse awiri. Kuwonjezera apo, nsidze yomata imalemera, imakoka mnzake wachilengedweyo mpaka kumuzula.

Chimene chinandigometsa ndi mafunso amene anafunsa asanalembe mankhwala, chifukwa nsidze zimathothoka pa zifukwa zambiri ndipo zina sizili m'diso n'komwe. Anamuvula duku n'kuyang'ana m'mutu: mfundu inalimo yambiri, ndipo anati mfundu ya m'mutu ndi timakoko ta m'zikope kawirikawiri zimayendera limodzi. Anafunsa ngati tsitsi likuthothoka m'mutu mozungulira n'kusiya posalala, chifukwa alipo matenda otchedwa alopecia areata amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu ya tsitsi lake lomwe. Anamugwira pakhosi n'kufunsa ngati akuwonda kapena kunenepa mosadziwika bwino, kutopa, kumva kuzizira ena akumva kutentha, popeza chithokomiro chikasokonekera tsitsi, nsidze za pamwamba pa maso ndi za m'zikope zimayoyoka. Anayang'ana ngati ali ndi mawanga otuwa osamva kukhudza, chifukwa khate limadya nsidze. Malawi analichepetsa kwambiri pofika 1994 koma silinathe, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Anafunsa za mankhwala a khansa, za nsabwe zimene nthawi zina zimakaikira mazira m'nsidze, ndiponso ngati ali ndi chizolowezi chodzizula nsidze akakhala ndi nkhawa, chimene anthu ambiri amabisa chifukwa cha manyazi. Ananenanso chinthu chimene ndakhala ndikuuza aliyense: nsidze zikathothoka malo amodzi okha pachikope chimodzi, pali kachotupa kapena kachilonda kosapola, makamaka kwa munthu wamkulu, asadikire, ikhoza kukhala khansa ya chikope.

Ndiye mankhwala ake? Tinkayembekeza jakisoni, mwina opaleshoni. Anatipatsa kachubu ka tetracycline wopaka m'mphepete mwa zikope, anati agule shampu wa mfundu, kabotolo ka pashopu kaja akataye, guluu ndi maskara aiwale kaye. Zotsalazo ndi kansalu koyera ndi madzi ofunda. Madzi awiritsidwe n'kuzizira mpaka ofunda osaotcha. Anyike kansalu, afinye, aike pa maso otsinzina mphindi 5 mpaka 10, kakazizira anyikenso. Kenako asisite chikope ndi chala cholowera ku nsidze kuti mafuta osungunukawo atuluke, n'kupukuta m'tsinde mwa nsidze pang'onopang'ono ndi thonje lonyowa. M'mawa ndi madzulo, osadumphitsa. Kansaluko kakhale kake yekha, kochapa ndi sopo n'kuyanika padzuwa. Tili m'minibasi pobwerera, mng'ono wanga anali atakwiya. "Ulendo wonsewu, achemwali, kukatenga madzi otentha?"

Koma anachita. Amayi ndiwo anali kapitawo, ketulo ili pambaula tambala asanatsike. Choyamba kutha chinali kumatana kwa m'mawa. Kenako kuyabwa kunachepa, kufiira kunazilala, timakoko tinayamba kusowa. Nsidze zokha zii. Adokotala anali atanena kuti ngati mizu sinachite zipsera zimameranso, koma zimatenga milungu, mwina miyezi, ndipo iye ankadzuka n'kuthamangira pagalasi, n'kubwerako nkhope ili gwaa. Ndiye m'mawa wina ndinamva kukuwa kuchipinda mpaka ndinaganiza kuti mwalowa njoka. Ndinamupeza atayatsa tochi ya foni, chala chili pachikope. "Taonani! Achemwali, taonani!" Pampata paja panali timadontho takuda, tating'ono zedi, tondondozana bwinobwino m'mphepete. Amayi anabwera ndi mthiko m'manja, anayang'ana, anaponya mthiko n'kuyamba nthungululu. Oyandikana nafe anathamangira poganiza kuti kwabadwa mwana, n'kupeza azimayi atatu akuvina chifukwa cha tsitsi losafika n'komwe utali wa njere ya therere.

Kuyambira pamenepo inali nkhani ya tsiku ndi tsiku pakontena. Timadontho tinasanduka tiziputu, tiziputu tinatalika mosiyanasiyana, ina yaitali ina yaifupi ina yoloza kwina, mpaka zinafanana. Magalasi akuda anapatsa mwana wa achimwene, amene amayenda nawo pamudzi ngati mkulu wa apolisi. Anabwerera kukwaya, n'kukaima kutsogolo. Maluwa a pa WhatsApp anachoka, panabwera chithunzi cha nkhope chojambulidwa pafupi kwambiri moti makutu sakuoneka. Ngakhale kayendedwe kanasintha: munthu amene ankayang'ana pansi popereka chenji anayamba kuyang'ana kasitomala m'maso mpaka kasitomalayo kuyamba ndiye kuyang'ana pansi.

Pa tsiku la ukwati tinaitana mtsikana wodzoza akwati. Anatsegula kasutikesi kake, anadzoza paudala, anakonza milomo, kenako anatulutsa kabokosi ka nsidze zomata ndi kachubu ka guluu. Atawerama kuti amate anaima kaye. "Aa, mwamata kale? Mwagula kuti zimenezi?" Anayesa kukoka imodzi ndi kachitsulo, mkwati n'kukuwa. Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Kabokosi kanabwerera m'sutikesi kosatsegula, ndipo mng'ono wanga analowa m'tchalitchi ndi nsidze zimene anabadwa nazo. Pa pelekanipelekani apongozi ake anavina mpaka kutsogolo, anaponya ndalama m'lichero, anamugwiranso chibwano monga tsiku lija n'kuyang'ana uku ndi uku pamaso pa anthu onse. Woyendetsa mwambo sanamvetse, anangoti, "Amayi akuyendera katundu wawo!"

Blepharitis sikuti imatheratu. Ukailekerera imabwerera, ndipo fumbi la pa Njuli silinasamuke. Ndiye kansalu kaja kanapita nawo kubanja, ndipo wowiritsa madzi tsopano ndi alamu anga. Pakontena, mtsikana akabwera atamata nsidze maso ali psuu, amalandira ndalama zake pamodzi ndi ulaliki waulere: zomata si tchimo, koma tsuka m'tsinde tsiku lililonse, usazule ndi zala, pumitsa zikope, zikayabwa chotsa. Ena amamvera, ena amasamukira pakontena ina.

Azakhali okha ndiwo sanasinthe maganizo. Akuti ntchito yonse anagwira ndi iwo, anakwirira kanthu pakhomo usiku ife tili m'tulo, ndipo za madzi ofundazo n'zongoperekeza. Anatumiza uthenga kuti akudikira chitenje chowathokoza. Alamu anagula, ndipo azakhali anachibweza kuti akasinthe, ati mtundu wake ndi wa agogo.